Kutikita thupi muli pa mankhwala a khansa: njira ziti n'zoyenera, ndipo dokotala mumufunse chiyani?

Achemwali anga atayamba kemo, mankhwala a khansa olandirira m'dilipi, ku Blantyre, chimene ankadandaula kwambiri usiku sichinali chotupacho ayi. Unali msana, mapewa ndi mapazi. Munthu wakhala pa benchi kuyambira m'mamawa, wagona ndi dilipi maola angapo, kenako wapanikizana ndi anzake m'minibasi kuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale. Pofika pakhomo thupi lonse lili phwanyephwanye. Ankangoti, "Iwe, tandigwirako apa." Ine ndinkagwira mmene ndinkaonera amayi athu akuchitira, ndipo tsiku lina ndinawavulaza. Nkhani imeneyo ndiikamba tikafika pa kuthowa.

Pamzere wa kemo magadiyani amagawana nzeru zambiri. Uyu akuti kuli agogo ena othowa bwino ku Luchenza, uyo akuonetsa pa foni makina ogwedeza minofu, wina waona pa Facebook malonda a masaji, kuphatikizapo amene akuwatcha kuti tantric. Njira zonsezi ndaziika pamuyeso umodzi, kuti amene ali pafupi kusankha asankhe akudziwa.

Ziwiri zoyamba kuzidziwa

Kutikita sikuchiza khansa, ndipo sikuchepetsa chotupa. Amene akukuuzani zimenezo akufuna ndalama zanu. Komanso palibe umboni woti kutikita pang'onopang'ono kumafalitsa khansa, monga ambiri amaopera. Khansa imafalikira chifukwa cha kusintha kwa maselo ake enieniwo, osati chifukwa choti wina wakusisitani pamapewa. Magazi amathamanga kwambiri mukakwera chitunda cha ku Likhubula kusiyana ndi mukamasisitidwa. Chokhacho n'choti pachotupa penipeni sakanikizapo.

Chimene kutikita kumathandiza ndi ululu, nkhawa ndi kusowa tulo, ndipo mpumulowo ndi wa kanthawi. Mu 2008 ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 380 odwala khansa yofika patali. Gulu lina linkatikitidwa ndi akatswiri, gulu lina linkangogwiridwa ndi manja modekha. Onse anapezako bwino. Otikitidwa ndi akatswiri anamva kusintha kokulirapo nthawi yomweyo, koma patapita milungu kusiyana pakati pa magulu awiriwa sikunaonekenso. Ine phunziro langa pamenepa ndi ili: mphamvu si imene imathandiza. Pafupifupi ngozi zonse zimene ndizitchule zimachokera ku mphamvu, kutentha, ndi kuchita zinthu mobisa.

Muyeso wake

Njira iliyonse ndaiyang'ana pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake kwa munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, zimene zimafunika kuti muipitirize, ndi zoopsa zake. Pa mtengo, funso langa ndi limodzi: ndalamayi ikuchoka pa thiransipoti ya kemo yotsatira kodi? Kudumpha tsiku la mankhwala chifukwa ndalama yathera ku masaji ndi kutaya chachikulu potola chaching'ono.

Zoopsa zimadalira mmene thupi lilili sabata imeneyo, ndipo zimenezi ndi zimene dokotala amayang'ana mukamufunsa.

Choyamba ndi magazi. Papepala la zotsatira za magazi, lotchedwa FBC, limene amakuyezani musanalandire kemo pali mzere wolembedwa PLT. Amenewo ndi mapulateleti, tizinthu tothandiza kuti magazi aleke kutuluka. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 400. Kemo imawatsitsa, kawirikawiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira dilipi. Akatsika pansi pa 50, ambiri osamalira odwala khansa amaletsa kutikita, chifukwa kukanikiza pang'ono kumatha kutulutsa magazi mkati mwa khungu. Masiku omwewo asilikali a m'thupi nawo amakhala atachepa, ndiye kachilonda kakang'ono kamasanduka nkhani yaikulu. Thupi likatentha kufika 38 muli pa kemo, musathowe, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala.

Chachiwiri ndi magazi oundana m'mitsempha. Khansa imachititsa kuti magazi aziundana msanga, makamaka munthu akamagona nthawi yaitali kapena atachitidwa opaleshoni. Chizindikiro chake ndi katumba wa mwendo umodzi wotupa, wotentha, wopweteka. Apa ndi pamene manja achifundo amapha munthu: mwendo ukupweteka, wachibale akuutikita mwamphamvu, chibulumwa cha magazi chikuchoka n'kukatseka m'mapapo. Mwendo wotere sugwiridwa.

Chachitatu ndi mafupa. Khansa ya m'mawere, ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) ndi ya m'mapapo zimakonda kupita kumafupa, ndipo fupa lotere limatha kuthyoka ndi mphamvu yochepa. Msana ukayamba kupweteka mwachilendo, miyendo n'kumafooka kapena mkodzo n'kumavuta kugwira, n'kutheka kuti chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Pamenepo maola ndi ofunika, osati mafuta.

Kenako pali khungu limene likulandira radiyeshoni, imene ambiri amangoti kuwotcha. Malo amenewo sasisitapo ndipo sapakapo chilichonse chimene achipatala sanavomereze, mpaka khungu litapoleratu. Pali mkono kapena mwendo wa mbali imene anachotsa anabere, umene umatha kutupa osaphwa. Ndipo pali dzanzi la m'manja ndi m'mapazi lobwera ndi mankhwala monga vincristine, paclitaxel ndi cisplatin.

Mukamafunsa, musangoti, "Adokotala, masaji ndi abwino?" Yankho lake lidzakhala lachidule chifukwa panja pali mzere. Funsani chonchi: "Ndi pati pamene sitiyenera kugwira? Tigwire ndi mphamvu yotani? Ndi masiku ati amene tisiyiretu?" Pemphani kuti akulembereni m'buku la kuchipatala. Ngati dokotala watanganidwa, anesi amene amaika dilipi amakhala nanu nthawi yaitali, ndipo amadziwa. Paja safunsa anadya phula.

1. A mafizo ndi a paliyetivu kuchipatala

*Mtengo.* M'zipatala za boma simulipira. M'zipatala za mishoni monga Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa, funsani kaye ngati thandizolo ndi lolipira. Ndalama yeniyeni imathera panjira: kabaza, minibasi, anthu awiri kupita ndi kubwera.

*Kupezeka.* Apa ndi pamene pamavuta. Ogwira ntchito ya mafizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amene alipo akusamaliranso odwala sitiroko, othyoka mafupa ndi ana. Ku Blantyre kuli gawo la mafizo ku Queen Elizabeth, ndiponso Kachere. A paliyetivu, amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda amgonagona, ali ku Tiyanjane ku Queen Elizabeth komweko, ali ku Mulanje Mission, ndipo pa chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo funsani tsiku limene kiliniki yawo imakumana. Anthu ena amaopa dzina lakuti paliyetivu poganiza kuti ndi kwa amene madokotala awataya. Si choncho. Mukhoza kupitako mukulandirabe kemo.

*Kupitiriza.* Musayembekeze kuti azikutikitani sabata iliyonse. Phindu lawo lalikulu ndi loti amaona wodwala kamodzi kapena kawiri, n'kuphunzitsa gadiyani zochita kunyumba. Konzani kuti ulendowu ugwirizane ndi tsiku lokayezetsa magazi, kuti thiransipoti ikhale imodzi.

*Zoopsa.* Ndi zochepa kwambiri pa njira zonse, chifukwa amawerenga buku lanu asanakugwireni. Mkono wotupa chifukwa cha anabere, kapena miyendo yotupa ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, zimafuna kasisitidwe kapadera kopepuka kwambiri, kokankhira madzi kumene angatuluke, nthawi zambiri limodzi ndi mabandeji kapena masokosi othina. Zimenezi si zongoyerekeza pakhomo.

2. Wachibale amene waphunzitsidwa

Iyi ndi njira imene ine ndimaikonda, ndipo sindibisa.

*Mtengo.* Kabotolo ka mafuta opanda fungo, sopo ndi nthawi. Mafuta onunkhira amautsa nseru mwa munthu wa kemo, ndiye asiyeni.

*Kupezeka.* Usiku wa 2 koloko ululu ukadzutsa munthu, palibe katswiri amene angabwere. Amene alipo ndi amene wagona pamphasa pambali pa bedi.

*Kupitiriza.* Mphindi 10 kapena 15 patsiku n'zokwanira. Vuto ndi kutopa kwa gadiyani. Munthu mmodzi yemweyo akuphika, akuchapa, akutunga madzi, mwina m'mawa akukathyola tiyi ku esiteti. Aphunzire anthu awiri kapena atatu, ndipo amuna asamadzipatule. Alamu anga poyamba ankati ntchito imeneyi ndi ya akazi, koma atayesa, anapezeka kuti ndiwo anali ndi manja odekha kuposa tonse.

Mmene anatiphunzitsira ife zinali chonchi. Sambani m'manja ndi sopo, wengani zikhadabo, tenthetsani manja powapekesa. Wodwala agone chammbali ndi pilo pakati pa mawondo, kapena akhale pampando atatsamira tebulo. Gwiritsani ntchito chikhatho chonse, osati nsonga za zala kapena chigongono. Mphamvu ikhale ngati imene mumapakira mwana wakhanda mafuta akatha kusamba. Mapewa, kumbuyo kwa khosi, manja ndi mapazi, basi. Muzifunsa pafupipafupi, ndipo akati "basi" musiye pomwepo, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukatha asadzuke mwadzidzidzi, angachite chizungulire.

*Zoopsa.* Chikondi chimafuna kuonjeza mphamvu. Wodwala nayenso amatha kupempha kuti "kanikiza kwambiri", ndipo kumukaniza kumapweteka mumtima, koma mukanizeni. Gadiyani amene ali ndi chimfine, chifuwa kapena zilonda m'manja ayambe wapuma. Choopsa china n'chakuti banja limayamba kuchepetsa mankhwala a ululu poona kuti kusisita kukuthandiza. Ngati anakupatsani morphine wamadzi, apitirize kumwa pa nthawi yake. Morphine amamanga m'mimba, ndipo ena amafuna kutikita pamimba kuti achite chimbudzi. Funsani kaye, makamaka ngati chotupa chili m'mimba momwemo kapena m'chiuno.

3. Kuthowa ndi kutikita kwa kumudzi

*Mtengo.* Wotsika, ndipo nthawi zina ndi nkhuku kapena kambale ka ufa. Koma kwa asing'anga ena mtengo umakwera ulendo uliwonse, ndipo mabanja agulitsapo mbuzi.

*Kupezeka.* Mudzi uliwonse uli naye wodziwa kuthowa. Amabwera pakhomo, amacheza, amakudziwani ndi mtundu wanu womwe. Chimenechi si chinthu chochepa kwa munthu amene watha miyezi akuitanidwa ndi nambala pamzere.

*Kupitiriza.* N'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake anthu amapitako.

*Zoopsa.* Munali mu June, chiperoni chitakuta phiri masiku atatu. Achemwali ankalira mapazi, akuti akumva ngati aponda pa singano. Ndinatereka madzi pambaula, ndinaviika chitenje, ndinafinya, n'kuwakulunga nacho.

"Achemwali, sakukuwotchani?"

"Ayi, sindikumva kanthu. Onjeza otentha."

Ndinaonjeza. M'mawa pamwamba pa phazi lakumanzere panali matuza awiri aakulu ngati mazira a nkhunda. Anesi atawaona sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, mapazi awa anasiya kumva. Madzi muziyamba mwawayesa inuyo ndi chigongono, ndipo akhale ofunda chabe." Chilonda chimene mwa ine chikanapola sabata imodzi chinatenga pafupifupi mwezi, tikuchitsuka tsiku lililonse ndi mtima uli m'mwamba.

Kuthowa kunapangidwira munthu wobinya mwendo kumunda kapena mayi amene wangochira kumene, anthu amene magazi awo ali bwino ndipo khungu lawo likumva. Wothowa waluso amakanikiza mwamphamvu, amakoka, amawongola. Luso lomwelo ndi limene lili loopsa pa fupa lofooka kapena pamwendo wa magazi oundana. Kutema mphini ndiye ayi ndithu: lumo pakhungu la munthu amene mapulateleti ndi asilikali ake atsika ndi khomo la magazi osaleka ndi la matenda, ndipo pamwendo wotupa ndi Kaposi chilonda chake chimavuta kupola. Mankhwala azitsamba akumwa amene amabwera limodzi ndi kuthowako akhoza kulimbana ndi kemo m'chiwindi ndi mu impso.

Sindikunena kuti agogo othowa muwathamangitse. Ngati ndi munthu womva, muuzeni zimene achipatala anena: madzi ofunda, manja opepuka, malo akutiakuti osagwira, popanda lumo, popanda chakumwa. Akavomera, wasanduka njira yachiwiri ija. Akati iye amadziwa kuposa achipatala, muthokozeni apite.

4. Masaji a ku spa, ku saluni ndi kumalo ogona alendo

*Mtengo.* Ndi wokwera. Ola limodzi likhoza kudya ndalama yokwanira ulendo wa kemo wa anthu awiri, kapena kuposa.

*Kupezeka.* Ambiri ali ku Blantyre ndi ku Limbe. Kwa munthu wa ku Bvumbwe si patali, koma wa ku Muloza kapena ku Thekerani ulendo wokhawo ufafaniza mpumulo wonse umene wapeza.

*Kupitiriza.* Mpumulo wake ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti upindule uyenera kumabwerera. Ndi ochepa angakwanitse.

*Zoopsa.* Ambiri ogwira ntchitoyi anaphunzira kutikita anthu abwinobwino. Masaji okanikiza mwamphamvu (deep tissue), a miyala yotentha (hot stone), chipinda chotentha (sauna) ndi nthunzi, zonsezi zisiyeni muli pa mankhwala. Ngati mwaganiza zopita, imbani kaye foni munene kuti muli pa kemo, mumve mmene akuyankhira. Wodziwa ntchito adzakufunsani za magazi, za opaleshoni ndi za anabere, ndipo mwina adzafuna kalata ya dokotala. Amene angoti "palibe vuto, bwerani" sakudziwa chimene akuvomera. Yang'ananinso ngati nsalu ndi matawulo amasintha pa munthu aliyense.

5. Masaji a tantric

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi nkhani imene anthu amaifufuza pa foni usiku koma sangaitchule pamaso pa dokotala.

Dzinali linabwerekedwa ku ziphunzitso zakale za ku India zotchedwa Tantra, koma masaji amene akutsatsidwa masiku ano ndi atsopano, anakula ku Ulaya ndi ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Munthu amavula, amapuma motsogoleredwa, amapakidwa mafuta thupi lonse, ndipo nthawi zambiri amagwiridwa ndi malo obisika omwe, kunja kapena mkati. Ndanena poyera kuti pasakhale wopita akuganiza kuti ndi masaji wamba.

N'chifukwa chiyani munthu wodwala khansa angafune zimenezi? Ine sindimuweruza. Mayi wachotsedwa bere kapena chiberekero, tsitsi lathothoka, mwamuna wake wasamukira pamphasa. Mwina bamboyo akuopa kumupweteka, mwina akuopa kutengera, mwina akuluakulu anena kuti adike poopa tsempho. Miyezi ikupita palibe womugwira, kupatula amene akufuna mtsempha woti abayepo. Bambo amene ali pa mankhwala a khansa ya prostate amaona chilakolako ndi mphamvu zikuzilala, ndipo amadzimva ngati watha. Njala imeneyi ndi yeniyeni. Funso ndi lakuti njirayi ikuithetsa kapena ikubweretsa zina.

*Mtengo.* Ndi wokwera kuposa masaji wamba, ndipo palibe mtengo wokhazikika. Samalani ndi amene akufuna kuti mutumize ndalama pa foni musanaonane.

*Kupezeka.* Palibe chipatala chimene chimapereka thandizo limeneli. Zimene mungapeze ndi malonda a pa intaneti, kwa anthu amene simungatsimikize maphunziro awo. A mafizo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo akalakwa pali kokadandaula. Uyu akakuvulazani, akakujambulani kapena akakuchitani zimene simunavomere, muli nokha m'chipinda, muli ofooka, ndipo manyazi adzakutsekani pakamwa.

*Kupitiriza.* Ndalama zambiri, maulendo obisa, ndi chinsinsi chimene muyenera kuchisunga kwa a pabanja panu ndi kwa dokotala yemwe. Njira imene simungaitchule kwa amene akukupatsani mankhwala yalephera kale muyeso, chifukwa mukayamba kutaya magazi adzafunsa chimene chachitika.

*Zoopsa.* Zonse za masaji wamba zilipo, ndipo pali zoonjezera. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi yofala kwambiri mwa amayi m'Malawi muno, imatuluka magazi ikangokhudzidwa, ndipo nthawi zina magaziwo savomera kuleka. Amene wachotsedwa chiberekero amauzidwa kuti pasalowe kanthu kwa milungu pafupifupi 6, kapena mpaka dokotala ataona kuti mkati mwapola. Radiyeshoni ya m'chiuno imasiya njira ya amayi youma, yopyapyala ndi yosachedwa kung'ambika. Kwa abambo, kutikita prostate kudzera kumbuyo n'koopsa asilikali a m'thupi akatsika, moti ngakhale achipatala amapewa kulowetsako chilichonse masiku amenewo. Mankhwala a kemo amatsalira m'madzi a m'thupi kwa masiku angapo, n'chifukwa chake amalangiza kondomu, ena mpaka sabata yathunthu mutalandira dilipi, ndipo mafuta a masaji amaononga kondomu. Kupuma mothamanga kumene amaphunzitsa kukhoza kugwetsa munthu wochepa magazi. Ndipo palibe umboni woti masaji amenewa amathandiza odwala khansa kuposa kugwirana wamba.

Maganizo anga ndi oti muli pa mankhwala, musapite. Koma njala ija musaikwirire. Khansa siyopatsirana, ndipo munthu amene walandira radiyeshoni ya makina akunja sawotcha mnzake pogona naye. Zambiri zimene anthu amazifuna ku tantric, monga kugwiridwa mosathamanga, kuyang'anidwa, kupumira limodzi, mwamuna ndi mkazi akhoza kupatsana okha m'nyumba mwawo popanda kufika pogonana. Ndipo za kugonanako zimafunsidwa. Pemphani kulankhula ndi nesi wamkazi kapena wamwamuna, mmene mungamasukire, pambali. Mukhoza kuyamba chonchi: "Anesi, ndili ndi funso la za m'nyumba. Ine ndi abambo kunyumba tingayambirenso liti, ndipo tisamale chiyani?" Simukhala woyamba kufunsa. Pa kuuma ndi kupweteka pali mankhwala ofewetsa osaononga kondomu, ndipo kwa amene alandira radiyeshoni ya m'chiuno pali tizipangizo timene achipatala amaphunzitsa kugwiritsa ntchito kuti njira isatsekeke. Ngati n'kotheka mupite awiri, bamboyo akamve yekha.

6. Makina ogwedeza ndi mafuta otentha a m'sitolo

*Mtengo.* Mumagula kamodzi, koma otchipa sakhalitsa.

*Kupezeka.* Ali m'mashopu a ku Limbe ndi kwa ogulitsa pa WhatsApp.

*Kupitiriza.* Amafuna kutchaja, ndipo magetsi athu mukuwadziwa.

*Zoopsa.* Makina samva kuti apa pali fupa lofooka kapena mtsempha wotupa, amangomenya. Mafuta otentha monga Deep Heat sapakidwa pakhungu la radiyeshoni, pachilonda kapena pamalo a dzanzi, ndipo kwa amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akhoza kuonjeza vuto lotaya magazi. Pa njira zonse, iyi ndi imene ndingaisiye osaganiza kawiri.

Ndiye inuyo musankhe iti?

Ngati muli pakati pa kemo, magazi ali bwino, ndipo vuto ndi kuphwanya kwa thupi ndi kusowa tulo, tengani wachibale mupite naye kwa anesi kapena a mafizo akamuonetse, kenako muzichita pakhomo. Sabata yachiwiri mutalandira dilipi muzingogwira modekha, osakanikiza.

Ngati mkono watupa mutachotsedwa bere, kapena miyendo yatupa ndi Kaposi, njira ndi imodzi yokha, ya a mafizo, ngakhale itatanthauza kudikira ndi kukwera minibasi. Potupapo pakafiira, pakatentha, thupi n'kutenthanso, ndi matenda olowa pakhungu ndipo akufuna mankhwala tsiku lomwelo.

Ngati mukulandira radiyeshoni ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akusisiteni manja ndi mapazi, malo akutali ndi pamene akuwotcha.

Ngati khansa yafika kumafupa kapena wodwala sakudzukanso, itanani a paliyetivu akonze kaye mankhwala a ululu. Akakonza, kumugwira dzanja, kumupaka mafuta kumapazi ndi kumutembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda ndiko kutikita kumene akufunika.

Ngati agogo othowa ndi amene wodwala amawakhulupirira, abwere, koma inu mukhalepo, madzi muyese nokha, ndipo lumo lisatuluke m'thumba.

Ngati mwamaliza mankhwala, magazi abwerera m'malo, dokotala wavomera ndipo ndalama ilipo yosasokoneza maulendo okaonedwa, spa ya anthu ofunsa mafunso ndi yotheka. Auzeni mbali imene anachotsa anabere, chifukwa mkono kapena mwendo umenewo ufunika kusamalidwa moyo wonse.

Ngati chimene mukusowa ndi kukhudzana kwa m'banja, yambirani kwa nesi, awiri, musanatsegule malonda a pa foni. Amene akuganizabe za tantric atamaliza mankhwala auze dokotala mosabisa kuti masajiwo amafika malo obisika, chifukwa dokotala akangomva mawu akuti masaji adzaganiza za mapewa n'kuvomera chinthu china.

Ndipo ngati lero pali kutentha thupi, katumba wotupa mbali imodzi, kupuma mobanika, magazi osaleka, kapena miyendo imene yayamba kufooka, palibe njira pa zisanu ndi imodzizi imene ili yanu. Tengani buku la kuchipatala, itanani kabaza kapena galimoto, mupite ku chipatala chimene chili pafupi, ndipo pofika pakhomo penipeni munene kuti wodwalayu ali pa kemo.